Nsanja yopanda mizati

Ndikukumbukira chaka chimene aphunzitsi ena ochokera ku Ntcheu ankachita lendi chipinda chakuseri kwa nyumba yathu ku Chintheche. Anali mayi ansangala, ndipo Loweruka lililonse akamapita kokachapa ankandisiyira laputopu yawo pakhonde. Munali gemu ya kamunthu kodumphadumpha, koma chimene chinkandikoka ine n'chakuti unkatha kudzimangira wekha njira yoti kamunthuko kadutsemo. Unkangotenga thabwa n'kuliika m'malere, ilo n'kukhala pomwepo osagwa.

Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ndinkafuna nsanja yofika kumitambo. Ndinasanjikiza matabwa, lina pamwamba penipeni pa linzake. Kamunthu kaja kakati kadumphe, kankagunda mutu kunsi kwa thabwa n'kubwerera pansi. Masabata atatu anatha ndili pomwepo.

Bambo anga, amene tinkawaitana kuti Ada, anali kalipentala, munthu wosalankhulalankhula ndi ana. Tsiku lina masana ndinangomva fungo la utuchi ndi thukuta kumbuyo kwanga. Anali ataima, pensulo ili kukhutu.

"Mizati yake ili kuti?" anafunsa.

"Sizifuna mizati, Ada."

Anapukusa mutu, n'kunena kuti amene anapanga zimenezi sanagwirepo hamala. Koma sanachoke. Anakhala pansi pambali panga, n'kundiuza kuti ndikadumphitse kamunthuko. Anayeza kutalika kwa mdumphowo ndi pensulo pagalasi, chala chili polekezera.

"Usamaike thabwa pamutu pake. Lina kumanja, lina kumanzere, ngati nthambi za mtengo wa mango."

Tinamanga choncho, ndipo kamunthu kanakwera. Kenaka Ada anafuna kuyesa okha. Zala zawo zinali zikuluzikulu, zinkadina mabatani awiri nthawi imodzi, kamunthu n'kumagwa. Ankaseka mpaka kutsokomola. Amayi anali apo akuyanika chinangwa chovuulidwa kumene, fungo lake lowawasa lili bwalo lonse, ndipo anawakumbutsa kawiri kuti mwini chitseko akudikira kushedi. Ada sanadzuke mpaka nditalola kuika mzati umodzi pansi pa thabwa loyamba, ati kuti mtima wawo ukhale m'malo.

Mwezi wotsatira aphunzitsi aja anawasamutsira ku Kasungu. Laputopu inapita, ndi nsanja yathu momwemo, tisanaifikitse pamwamba. Chaka chinacho Ada anapita ku Joni kukafuna ntchito, ndipo anabwerako ali m'bokosi.

Lero ana anga amasewera magemu okongola kuposa aja, aliyense pafoni yake, pakona yake, m'makutu atatseka. Sindiwadzudzula. Koma nthawi zina ndimakhala pafupi ndi wamng'onoyo, n'kumufunsa kuti andiphunzitse. Amadabwa, chifukwa sadziwa chimene ndikufuna. Pa moyo wanga wonse, masana aja okha ndi pamene Ada anandiyang'ana m'maso, phewa lawo litagunda langa, n'kundifunsa kuti, "Ndiye apa ndidine pati, mwana wanga?"