Pepala Lomwe Ndinabisa M'fodya

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinalandidwa mwamuna. Musaseke. Kwathu ku Chulu agogo aamuna amatchula mdzukulu wamkazi kuti "mkazi wanga", ndipo ine sindinkazitenga ngati nthabwala. Agogo a Lazaro, bambo a mayi anga, maso anali atawathera. Ndine ndinkawawenga zikhadabo, ndine ndinkawatsogolera ku tchalitchi, ndipo pamphasa pawo mdzukulu wina sankayerekeza kukhalapo ine ndili moyo.

Agogowa anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, koma za ku Burma, komwe anakamenyera, sankazikamba. Nkhani yawo inali imodzi basi, ya mng'ono wawo Yohane. Padoko la Mombasa asilikali anafoletsedwa kuti akwere sitima zingapo zoyenda mondondozana. Mzere wina utaperewera anthu, agogo anamukankhira Yohane kumeneko poona kuti sitima yakeyo inali yaikulu. Pakati pa nyanja, sitima imodzi inaphulitsidwa n'kumira iwo akuona, ndipo anakhulupirira kuti inali ya Yohane. Kumudzi kunangofika uthenga woti Yohane anamwalira, osanena komwe anafera.

"Ndinamumiza ndine mwana uja," ankatero. "Ndi dzanja ili."

Amalume anga, omwe ankaphunzitsa ku boma, analemba makalata kumaofesi osunga mbiri ya asilikali, atatchula manambala a abale awiriwa. Patapita miyezi yambiri kunabwera envulopu ya mapepala a Chingerezi: mayina a sitima, madoko, ndi magulu a asilikali omwe anakwera iliyonse. Patchuthi amalume anabwera nayo, n'kuisiya pamodzi ndi mwana wawo Mwandida, msuweni wanga wa Fomu Wanu, kuti aziwawerengera agogo.

Ha, Mwandida! Nsapato kuphazi, mafuta onunkhira, Chingerezi chotulukira m'mphuno. Anatenga thumba lomwe munali feteleza wa makuponi, analing'amba n'kuliyala pakhonde, n'kujambulapo nyanja ndi khala. Akawerenga pepala limodzi, ankagwira chala cha agogo n'kumachiyendetsa pathumbapo. "Apa ndi pa Mombasa, agogo. Apa munaima kumwetsa mafuta. Uku ndi ku Ceylon." Chala chomwecho chimene ine ndinkawenga!

Tsiku lachitatu ndinabwera ndi madzi osamba m'manja, ndinapeza pamphasa palibe malo.

"Mkazi wamkulu, usakwiye," anatero agogo akuseka. "Ndakwatira mitala. Wamng'onoyu ndi wa sukulu."

Onse pakhonde anafa nacho chiseko. Ine mumtima munatentha ngati ndameza khala. Ndinamuda Mwandida, ndinada nsapato zake, ndinada ngakhale nyanja ya pathumbayo. Ndiye madzulo amenewo ndinamumva akunena kuti, "Latsala pepala limodzi, agogo, la gulu la agogo a Yohane. Zilembo zake n'zazing'ono, tiliwerenga mawa kukawala."

Mwandida atapita kumjigo, ndinasolola pepalalo mu envulopu. Kuling'amba ndinaopa. Ndinathamangira kuchigafa, komwe bambo anaunjika fodya wosankhasankha, n'kulilowetsa mkatikati mwa mulu. Maganizo anga anali oti Mwandida alisake masiku awiri, akalipiridwe, alire, kenaka ine ndilitole. Ndinkafuna agogo anene kuti mkazi wamkulu ndi wamkulu ndithu.

Chimene sindinadziwe n'chakuti jeke yodindira fodya, yomwe mudzi wonse unkabwerekana, inali kufika kwathu m'mawa mwake. Mayi anandituma kuchigayo ndi mlongo wanga. Pobwera dzuwa lili paliwombo, ndinapeza mulu uja kulibe. Panali mabelo asanu, osokedwa kale m'ziguduli, fungo la fodya lili guu bwalo lonse. Ndinawazungulira, ndinawapapasa. M'belo liti? Ndikanawauza bwanji bambo kuti asomole fodya wa chaka chonse? Patapita masiku awiri lole inawanyamula kupita ku okushoni.

Zina zonse zinayenda monga ndinafunira. Mwandida anasaka mpaka kudenga. Amalume atabwera anamukalipira pamaso pa anthu kuti ndi wosasamala, iye analira, n'kubwerera ku boma tchuthi chisanathe. Malo anga pamphasa ndinawapezanso. Koma agogo sanasekenso. Ankandiuza kuti ndiwayalire thumba lija, n'kumayendetsa chala okha. Chinkafika pakati pa nyanja n'kuima.

"Mkazi wanga, iwe maso uli nawo. Sunaliwoneko penapake?"

"Ayi, agogo."

Anandifunsa katatu pamasiku osiyana. Katatu konse ndinakana.

Amalume analembanso kalata yopempha pepala lina. Agogo anamwalira m'nyengo yozizira, ndipo yankho linafika mvula itagwa, tikubzala. Amalume anatisonkhanitsa pakhonde lomwe lija n'kuwerenga. Gulu la a Yohane silinakwere sitima yomwe inamira ija. Yawo inafika bwinobwino ku Ceylon. A Yohane anadwala patapita miyezi, anamwalirira m'chipatala cha asilikali, ndipo anaikidwa m'manda okhala ndi dzina lawo.

Mayi analira ngati maliro ayambiranso. "Zaka zonsezi bambo akudzizunza chabe! Akanangomva mzere umodzi wokhawu!" Mwandida anaphimba nkhope ndi chitenje, akuti zonse ndi chifukwa cha iye. Ine ndinali pomwepo, manja ali pamiyendo, ndipo sindinatsegule pakamwa.

Ndinamuululira Mwandida tili aakulu, ana athu akusewera pabwalo. "Asuweni, ine ndinabwera milungu itatu yokha," anatero. "Agogo aja anali anu."

Kale ndinkati ndinachita zija chifukwa chowakonda agogo. Lero ndikudziwa kuti ndinkakonda malo anga pamphasa. Munthu amene ndinkati ndikumulimbirana ndi amene ndinamubera, ndipo ndinamubera chinthu chokhacho chomwe anachidikira zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi. Thumba lija ndikadali nalo, khala lake linafufutika pang'ono. Mzere wa sitima ya a Yohane ndinaumaliza ndekha mpaka kumtunda, koma chala choti ndichiyendetse pamenepo palibe.