Asilikali a Waya a ku Kalombwe

A Fanwell Mbewe anali wowotcherera zitsulo ku fakitale ya nsalu kuno ku Kafue, ndipo ine Harrison ndinali kapitawo wawo zaka khumi ndi zinayi. Ndayambira pamenepa dala, kuti mudziwe amene ankalamula mnzake. Bambo awo anachokera ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji. A Fanwell anabadwira konkuno, munthu wamfupi, wosakonda kulankhula, wa zala zodzaza zipsera.

Salaula, zovala zakale zochokera kunja, atadzaza m'misika, makampani n'kuyamba kugulitsidwa, tinalandira makalata otichotsa ntchito. Munali mu 1994. Amuna amene tinazolowera kudzutsidwa ndi wezulo ya fakitale tinayamba kudzuka opanda kopita. Ena analowa m'kachasu, ena anakalima tomato ku Shimabala. A Fanwell anatola waya ndi pulayazi, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yawo.

Pamenepo ndi pamene anayambitsa dziko lawolawo, lotchedwa Kalombwe, lomwe simungalipeze pa mapu alionse. Analibe nalo chidwi cha pulezidenti kapena nyumba ya malamulo. Chimene analipangira ndi gulu lankhondo basi. Asilikali oyenda pansi anali a waya, otalika ngati chala, zipewa zawo zitsekerero za mabotolo, ataima m'mizere ya khumikhumi, mzere uliwonse ndi sajeni wake. Mizinga inali ya mapampu akutha a njinga. Panali kagulu ka mabwato koteteza mtsinje, koyandama m'beseni losweka kukamwa. Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khola la nkhuku, kunali ophika ndi onyamula katundu. Ndiye panali kasinja mmodzi yekha, wa chitini cha mafuta ophikira, mawilo ake zokulungira ulusi za ku fakitale, ali ndi nyenyezi ya mkuwa pamphumi. Mmenemo ndimo munkakwera komanda, mkulu wa asilikali onse.

Msilikali aliyense anali ndi dzina la mmodzi wa ife ochotsedwa ntchito. Sikisi koloko ikangodutsa tinkayamba kufika, seveni koloko ndiye perete: a Fanwell kuitana maina, aliyense kuyankha, mkulu wa asilikali n'kuyendera mizere. Kenako tinkakangana za nkhondo mpaka dzuwa litafika pamutu. Akazi athu ankati tapenga. Mwina tinapengadi, koma tinkasamba ndi kupesa tsitsi.

Tsiku loyamba ndinadzifunafuna kutsogolo, osadzipeza.

"Ba Fanwell, nanga ine nili kuti?"

"Imwe ba Harrison muli ku kicheni," anatero, akuloza kukhola la nkhuku. Anali atandipatsa kasupuni ka tiyi m'malo mwa mfuti.

Ine, kapitawo! Ndipo mukudziwa amene anamuika m'kasinja? Cephas. Cephas wosesa, amene ndinkamutuma kukandigulira fodya, amene ankavula chipewa ndikamadutsa. Tsopano ankabwera atavala jekete lomukulira, akutsokomola, n'kumayenda pang'onopang'ono kutsogolo kwa mizere manja ali kumbuyo, anthu akuluakulu akumuchitira sailuti. Ndinkaseka nawo, koma nsanje inkandidya m'kati ngati chiswe. Kunyumba chakudya sichinkatsika.

Mkazi wanga Eunice, amene ankatidyetsa ndi nsomba zokapikula ku Chanyanya, anatopa nane. "Mufuna kufa chifukwa cha chitini? Nizakugulirani chanu, na mafuta mukati."

Ndinayesa zonse. Ndinkafika woyamba. Ndinabweretsa waya wabwino wamkuwa. Ndinawafotokozera a Fanwell kuti gulu lawo lili ndi mizinga yambiri koma lilibe galimoto zoikoka, iwo n'kuvomera, n'kupanga galimoto zitatu, n'kuzipereka kwa mnzathu Aaron amene sanayendetsepo ngakhale wilibala. Ine ndinatsala ndi supuni yanga.

Lachisanu lina masana, onse atabalalika, a Fanwell atapita kukatunga madzi, ndinanyamula kasinja uja n'kumubisa m'jekete. Ndinakamuika pansi pa bedi. Sindinama, usiwa wonse wa chaka chimenecho sunandipweteke ngati mmene chitini chija chinandisangalatsira.

M'mawa mwake Cephas anafika, anayang'ana pamalo opanda kanthu, anakhala pang'ono, n'kubwerera. Lamlungu sanabwere. Lolemba sanabwere.

Lachiwiri a Fanwell anagogoda pakhomo panga. Sanalowe, sanandiyang'anenso kumaso.

"Ba Harrison, bwezani chabe. Sinizauza munthu."

"Mukamba chani imwe?"

"Cephas ni wodwala maningi. Mkazi anamuthawa. Pamene ninamupeza anali na mawiki awiri osachoka pa mphasa. Manje komanda sangalove ku perete, ndiye chimene chimamuutsa. Imwe muli na ba Eunice, muli na mphamvu. Wa ku kicheni olo alove, nkhondo iyenda."

Ndinaima pakhomo paja manyazi atandigwira. Ndiye kuti maudindo a ku Kalombwe sankatsata nzeru kapena ukulu. A Fanwell ankayang'ana amene watsala pang'ono kugwa, n'kumukweza. Ndinatulutsa kasinja uja, ndinamupukuta fumbi ndi malaya anga, ndipo ndinakamupereka ndekha kwa Cephas. Anakhala ndi moyo miyezi ina isanu, akuyendera perete mpaka sabata yake yomaliza. Atamwalira, kasinja anaimikidwa pambali wopanda mwini, ndipo palibe anamupempha. Ine ndinakhalabe kukhitchini kwanga, ndikuthokoza.

Patatha zaka ziwiri Eunice anadwala malungo atabwera kuchokera ku Chanyanya. Masiku anayi okha, tinamuika m'manda. Achibale atabwerera kwawo, ndinatseka chitseko. Sindikudziwa kuti panapita masiku angati. Ndevu zinamera, mbaula inazizira, lamba ndinamuboola bowo lina.

M'mawa wina ndinamva kugogoda. Nditatsegula ndinapeza a Fanwell, tsitsi litayamba imvi, atanyamula chinthu chokulunga m'nyuzipepala. Anachivundukula. Nyenyezi ya mkuwa ija anali ataipukuta mpaka kunyezimira.

Ndinayang'ana chitini chimene ndinachilirira chaka chathunthu, kenako ndinayang'ana mikono yanga mmene inaondera.

"Ba Fanwell," ndinatero mochonderera, "nibwezeni ku kicheni, napapata."

Anapukusa mutu n'kundiika kasinja m'manja.

"Perete ni seveni koloko, ba komanda. Kasambeni, anthu akuyembekeza."