Zipika Zomwe a Merle Adazula

A Merle Tuttle adakali mnyamata, akuluakulu oona za nsomba kuno ku Oregon, m'dziko la Amereka, ankati mitengo yogwera m'madzi imatsekereza sitilihedi, nsomba zija zimachoka kunyanja yamchere kudzaikira mazira m'timitsinje momwe zidabadwira. Ndiye a Merle adalembedwa ntchito yosesa mitsinje ndi thirakitala ndi unyolo. Chipika chilichonse, zuu! Kamtsinje ka kuseri kwa nyumba yawo adakasesa mwaulere, monyadira, mpaka kadawongoka ngati ngalande.

Mvula yam'nyengo yozizira itagwa, madzi adathamanga popanda chowagwira. Adakokolola timiyala tomwe nsomba zimakwiriramo mazira, maiwe adafotsereka, padangotsala thanthwe losalala. Dzuwa likatentha madzi ankafunda ngati tiyi wotsala. Nsomba zidachepa, kenaka zii. A Merle ankaloza chala akatumbu, asodzi a m'tauni, aliyense.

Lero ndi nkhalamba, ndipo mwana wawo Darla ali m'gulu lobwezera zipika m'mitsinje. Njira yokha yofikira kamtsinjeko imadutsa pachipata cha a Merle. Akakana, gululo lipita kwina, kamtsinje katsala chomwecho.

"Adadi, titsegulireni chipata. Tikufuna tikaponyemo mitengo," adatero Darla.

"Ukuti chiyani iwe? Ine msana udapindikira kuchotsa zinyalalazo, iwe ukudya bwino pozibweza?"

"Popanda zipika palibe maiwe, adadi. Tiana ta nsomba tibisala pati?"

"Ondituma aja ankavalanso chipewa ngati chako chomwechi. Pakamwa pawo pankatsekemeranso chonchi."

"Adalakwitsa, adadi."

"Adalakwitsa!" A Merle adakweza dzanja lomwe unyolo udadula zala ziwiri. "Nanga izi akandibwezera ndi galimoto iti?"

Darla adatembenuka n'kumapita.

A Merle adatsetsereka okha kumtsinje, n'kuima pathanthwe lija. Pamenepa, ali mwana, ankaona misana ya nsomba itadetsa dziwe lonse. Tsopano madzi ankangowalekeza m'kakolo. Palibe yemwe adabwerapo kudzawapepesa. Ondituma aja onse ali kumanda, ndi ulemu wawo wonse, adaganiza choncho, ine ndiye ndatsala nalo thanthweli.

M'mawa mwake magalimoto a zipika adapeza chipata chili chotsegula. Mwini wake adakhala pakhonde, atafulatira mtsinje, khofi akuzizirira m'manja.

"Zikomo, adadi," adafuula Darla ali pagalimoto.

"Pita uko! Koma ukawauze mabwana akowo, akadzasinthanso maganizo asadzandifune. Zala zatsalazi n'zanga."