Chokhomerapo cha a Yona

Ku Ndirande a Yona ankadziwika ndi kukhoma mbaula ndi zidebe, koma eni ake ankadziona ngati katswiri wa mabomba. Anakulira ku Nsanje, m'malire, nkhondo ya ku Mozambiki ikugunda kutsidya. Kunena zoona, chimene anaphunzira kumeneko n'kuthawa basi, koma izi anazisiya kumudzi pobwera m'tauni.

Ukangowafunsa mtengo wa mbaula, sukulu yayamba.

"Bomba ndi mutu, achimwene, kwinaku n'kongonyamulira. Lilipo lomwaza tizitsulo, lilipo loboola galimoto lankhondo n'kukaphulikira m'kati, lina ndi lautsi chabe. Ine kungoliona, ndalidziwa."

Ankatero uku akumenya lata pa chokhomerapo chawo, chichitsulo cholemera chosongoka kumodzi, chimene anagula kwa ogulitsa zitsulo zakale. Ankachinyadira kwambiri. Mwana wawo Grace anaphunzira kuimirira atagwirira chomwecho.

Tsiku lina mu 2011, okumba ngalande pafupi ndi msika anafukula chinthu chakuda chobulungira. Anthu anathamangira kwa katswiri. Kwa a Yona, dzina lawo lonse linali pamenepo, ndipo kunena kuti "sindikudziwa" kukanakhala kudzivula pagulu. Anachiyang'ana ali chapatali, n'kukuwa: "Lomwaza tizitsulo ili! Thawani!"

Msika unabalalika, tomato n'kupondedwa, mpaka kunabwera asilikali. Mmodzi anachiyang'anitsitsa n'kuchitembenuza ndi jombo. Inali injini ya firiji.

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. A Yona manyazi anawagwira, anabwerera pashedi pawo n'kuyamba kukhoma mwamphamvu kuti asamve kusekako. Msilikali uja anawatsatira kudzapempha madzi akumwa. Maso ake atagwera pa chokhomerapo, ludzu linathera pomwepo.

"Bambo, ikani hamalayo pansi. Pang'onopang'ono. Mayi, nyamulani mwanayo."

Akazi awo, a Petronela, anam'tsomphola Grace, yemwe anali atatsamira chitsulocho akudya mandasi.

Chokhomerapo chija chinali bomba. Asilikali anakaliphulitsira kutali, kutchire, ndipo pobwera anati lasiya dzenje lokwana ng'ombe. Linali lomwaza tizitsulo lenileni, ndipo katswiri anakhala akulimenya pamutu kuyambira mwanayo asanabadwe.

Anzawo akamawaseka za firiji ija, a Yona amaseka nawo, mwinanso kuposa onse. Koma Grace akamadutsa pashedi pochokera kusukulu, a Yona amaika hamala pansi. Masiku ano ukawafunsa mtengo wa mbaula, amangokuuza mtengo.