Mbale Yopanda Nsinjiro

Ndinkagulitsa chikanda, chakudya cha timizu tam'tchire tophika ndi nsinjiro za nshawa, pamsewu pa Chinyunyu pomwe dalaiva wina wa minibasi anayamba kumaima pa ine tsiku ndi tsiku. Ankagula, n'kukulunga bwinobwino, koma sindinamuonepo akuluma. Ine ndine wosachedwa kukayikira. Mwamuna wogula chakudya chimene sadya ndiye kuti ali ndi pakamwa pena pomwe akudyetsa, ndinkatero mumtima. Choncho atandifunsira, ndinamuuza kuti ayambe wakatsanzika kwa mayi amene ankadya chikanda changa.

Anaseka mpaka misozi. Anati chikandacho chimathera m'kamwa mwa kondakitala wake, iye chimene ankafuna pamalopo ndi ineyo. Nshawa, mtedza uja, sadya, akangolawa milomo imatupa, pakhosi n'kutseka. Kwawo ku Mpanshya amayi ake anasiya kalekale kutendera ndiwo chifukwa cha iye. Bambo ake sanawadziwe, anangouzidwa kuti anamwalira iye ali m'mimba.

Atate anga nawonso nshawa zimawatero. Koma kwathu nkhani imeneyi sinkatuluka pakhomo. Atate ankati munthu suuza anthu chimene chingakuphe, chifukwa si onse okusekerera amene amakufunira moyo. Kumaliro ankanamizira m'mimba, kutchalitchi ankati asala. Ngakhale azakhali anga, alongo awo enieni, ankangoti achimwene ndi osankha zakudya. Choncho ngakhale kwa bwenzi langa sindinanene. Ndinamukonda mnyamatayo, ndipo ndinadziuza kuti otupa milomo ndi ambiri padziko.

Ankhoswe atayamba kuyenderana, atate anadwala chibayo n'kugonekedwa kuchipatala ku Mpanshya. Ine ndi amayi tinkawadikirira. Masana ena amayi a bwenzi langa anabwera kudzazonda, monga achitira anthu oyembekeza kukhala pachibale. Aka kanali koyamba kuti makolo athu aonane, kapena ndi momwe ndinkaganizira. Anamasula nsalu, n'kutulutsa mbale ziwiri za chibwabwa, ndiwo za masamba a maungu. Ina inali yotendera, anaiika patsogolo pa ine ndi amayi. Inayo anaikankhira kwa atate.

"Iyi ndi ya odwala," anatero. "Mulibe nshawa."

Atangonena, dzanja lawo linaima pambale pomwepo. Atate anatembenukira kukhoma. Ine ndinayang'ana amayi, ndikuyembekeza kuti afunse kuti mlendoyu wazidziwa bwanji. Sanafunse. Anasamba m'manja, n'kuyamba kudya mwakachetechete, ndipo kusafunsa kwawoko ndi kumene kunandiopsa koposa.

Ndinayesetsa kupeza njira ina. Mwina anamwino anauza mlendoyo. Mwina mayiwo anangozolowera kuphikira mwana wawo. Koma nanga bwanji ife anatitenderera? Ndinawatsatira amayi kumpopi komwe ankatsuka mbale, mtima ukuwawa, n'kuwafunsa ngati mayi aja amawadziwa.

Anati ayi, nkhope yake anali asanaionepo. Chimene ankadziwa n'chakuti ine ndisanabadwe, atate ankapalasa njinga kupita ku Mpanshya kukagulitsa chimanga, n'kumabwerako okhuta. Munthu woopa mphika wa aliyense ankadya kwinakwake mopanda mantha. Amayi anakhala zaka zonsezo akudziwa kuti kuli mkazi wina amene anauzidwa chinsinsi cha m'nyumba mwawo.

"Lero ndamuona," anatero. "Iwe mwanangu, ankhoswe auze asiye."

Ndinakwiya ndi onse atatu, atate, amayi ndi mayi aja, ndipo atate sindinawalankhule mpaka chimanga chinacha. Iwo sanavomere, sanakanenso.

Mnyamata uja anatha miyezi akudutsa pa Chinyunyu osaima. Tsiku lina anaima, n'kutsitsa galasi. Pa iye ndinaona makutu a atate, amene kale sindinkawaona. Anagula chikanda monga kale, ndipo pochilandira anati, "Zikomo, alongo."

Ndinatembenuka n'kuyamba kupukuta mpeni woyera kale.