Bwalo Loyezedwa ndi Chingwe cha Kumunda

Chaka changa chachiwiri pa koleji ina ku Chipata, mtima wanga unali pa chinthu chimodzi basi: dzina langa lilowe pa mndandanda wa othamanga a m'makoleji olemekezedwa m'dziko lonse. Malamulo ake anawamata pachitseko cha ofesi ya zamasewera. Ukhoze mayeso a m'kalasi, uthamange pa bwalo lotsimikizidwa, ndipo ufike pa nthawi yoikika, mawotchi awiri atagwirizana. Mayeso sankandiopsa. Mdani wanga anali wotchi.

Ndinkathamanga mamita 1,500. Kwathu ku Kasenengwa ndinakula ndikupita kusukulu chothamanga chifukwa chokonda tulo, ndiye miyendo ndinali nayo. Koma aphunzitsi a zamasewera akadina wotchi ankangopukusa mutu, ati ndachedwa ndi timasekondi. Katatu konse. Ulendo wachitatu ndinapsa mtima, ndinaponya nsapato kutali n'kuwauza kuti wotchi yawo ndi yotola. Iwo anangoti ndikatole nsapato zanga, mawa ndilawirire.

Bwalo lathu ankalisamalira bambo wina wachikulire wa ku Nabvutika. Ankalemba mizere ndi laimu, yowongoka ngati ya m'kope, ndipo mbuzi ikapondapo ankaithamangitsa mpaka kumsewu. Ndikamadutsa ankandikumbutsa kukweza maondo, chonsecho iwo sanathamangepo mpikisano.

Kutatsala masiku ochepa kuti mayina atumizidwe, kunabwera mkulu wina wochokera ku Lusaka kudzatsimikiza bwalo. Anatambasula tepi yake, anayeza, anakanda mutu n'kuyezanso. Kenako anafunsa bambo aja kuti amayezera chiyani. Iwo analowa m'kanyumba ka zipangizo n'kutuluka monyadira ndi chingwe chawo chobzalira chimanga. Kutalika kwake ankakudziwa kuyambira tsiku limene anachigula, koma zaka za mvula ndi kukokedwa m'mizere zinali zitachitalikitsa. Bwalo lathu linali lopitirira muyezo, ndipo ine ndinkalizungulira pafupifupi kanayi.

Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Bambowo sanaseke nawo. Anavula chipewa n'kubwera pomwe ndinali.

"Mwana wanga, ndakhala ndikukuonjezera mtunda osadziwa. Undikhululukire."

"Atate, musadandaule," ndinatero. "Ingolembani mizere yatsopano, zotsalazo ndi zanga."

Pakamwa ndinalimba, koma funso limodzi linandikakamira. Ndikalepheranso, ndidzaloza chala ndani? Wotchi inali yabwino, bwalo alikonza, ndatsala ine ndekha.

M'mawa mwake laimu anali mbee. Aphunzitsi anagwira wotchi imodzi, mkulu wa ku Lusaka inzake. Za m'njira sindikumbukira zambiri, koma pokhota komaliza mzere womalizira unaoneka pafupi kuposa masiku onse, ndipo ndinadabwa kuti mpweya ndikadali nawo. Ndinaona bambo aja akuthamanga m'mbali mwa bwalo, chipewa m'manja, maondo osakweza n'komwe.

Nditadutsa mzere ndinawerama, manja pa maondo, kuopa kuyang'ana munthu kumaso. Akuluakulu awiri aja anagunditsa mitu, kufananiza mawotchi awo. Aphunzitsi anandiyandikira. Anatulutsa fomu yotumizira mayina m'thumba, ndipo poti pabwalo panalibe tebulo, anaiyala pamsana panga n'kuyamba kulemba.

Ndinamva cholembera chikuyenda, chilembo ndi chilembo cha dzina langa. Ndinalira ndi chisangalalo, koma mwakachetechete, osagwedeza msana, kuopa kuti angalembe mokhota.