Mbale za Bambo Zinamata Ndowa

Dzulo pamsika wa Milange ndinadutsa pomwe munthu wina amamata ndowa. Fungo la pulasitiki wopserera litandilowa m'mphuno, mtima wanga unawira.

Ndili mwana, bambo akagulitsa nyemba ankawoloka mtsinje wa Ruo n'kubwera ndi mbale ya galamafoni ataikulunga m'malaya. Mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa. Ine ndinkapukuta mbalezo mosamala, pokhulupirira kuti oyimba amagona m'timizere take, ndipo singano ndiyo imawadzutsa.

Nkhondo itafika tinathawira ku Malawi, mbale tinasungitsa kwa amalume ku Mongue. Bambo anamwalira kukampu. Titabwerera ndinathamangira kwa amalumewo.

"Amalume, mbale za bambo zili kuti?"

Anandilozera ndowa ndi mabeseni a zigamba zakuda.

"Ndinasungunula. Nyimbo ungatungire madzi iwe?"

Ngakhale ndinali nditasinkhuka, ndinagunditsa khutu pandowa, kuti mwina woyimba mmodzi anapulumuka. Khomo lonse linandiseka.

Abale amati ndikhululuke, inali nthawi ya mavuto. Mavutowo anali a tonse, koma mbale zinali za bambo anga. Imvi zandimera, madzi a pakhomo limenelo sindimwabe.